Kodi Walankhulayo Ndani? Kompyuta ndi Ndakatulo Zakale za Agiriki ndi Aroma

Aliyense amene adakulira ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni m'masiku amene banja lonse, pamodzi ndi ana a nyumba zoyandikana, linkazungulira wailesi imodzi madzulo, amadziŵa kuti munthu amazindikirika ndi kalankhulidwe kake. Seŵero la Kapalepale kapena la Pamajiga likayamba, padalibe nkhope yoti anthu aione ngakhale chovala chosonyeza udindo wa munthu. Komabe ndi mwana yemwe ankatha kuloza kuti uyu ndi mfumu, uyo ndi mlamu wadyera, winayo ndi mayi wotopa ndi uchidakwa wa mwamuna wake. Sikuti ankazindikirika ndi kukula kapena kuchepa kwa liwu kokha ayi. Kasankhidwe ka mawu, kutalika kwa zonena, ulemu kapena mwano poitana mnzake, zonsezi zinkamuulula munthu. Malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lidawadziŵa ndi maina a Izeki ndi Jakobo, adalinola luso limeneli kotero kuti zonena zawo zikadalembedwa papepala popanda maina, anthu ambiri akadathabe kunena mwini wa mzere uliwonse.

Funso limene akatswiri ena a ku Ulaya ndi ku America ali nalo ndi lakuti: kodi chimene khutu limagwira msanga chotere chingaŵerengedwe ndi kulembedwa m'kaundula? Iwo sakufunsa za maseŵero a pa wailesi, koma za ndakatulo zitalizitali zosimba nkhondo ndi maulendo a ngwazi, zimene adasiya Aroma ndi Agiriki akale, aja Buku Lopatulika limawatcha Ahelene. Zotchuka koposa ndi ziŵiri zimene amati adapeka ndi Homer zaka zoposa 2,600 zapitazo. Iliad, ya mizere 15,693, imasimba za mkwiyo wa Achilles m'chaka chakhumi cha nkhondo ya ku Troy. Odyssey, ya mizere yopitirira pang'ono 12,000, imalondola Odysseus pa ulendo wake wa zaka khumi wobwerera kwawo ku Ithaca. M'Chilatini muli Aeneid ya Virgil, amene adamwalira m'chaka cha 19 Yesu asanabadwe, ya mizere pafupifupi 9,900. Mwambo umenewu udapitirira zaka zoposa chikwi kufikira pa Nonnus, mbadwa ya ku Panopolis m'dziko la Egypt, amene m'zaka za m'ma 400 adalemba Dionysiaca, ya mabuku 48 ndi mizere yoposa 20,000.

Chodabwitsa kwa munthu amene watsegula Homer koyamba ndi chakuti mlakatuliyo salankhula kwambiri yekha. Mwa mizere 100 iliyonse ya Iliad, pafupifupi 45 ndi mawu otuluka m'kamwa mwa ampangankhani. Mu Odyssey ndi pafupifupi 67. Milungu imakangana, mafumu amatukwanana pabwalo, akazi amalira maliro, ndipo pena ngakhale kavalo wa Achilles amatsegula pakamwa monga amachitira Kalulu m'nthano. Ndakatulozi zinkanenedwa pamaso pa gulu la anthu omvetsera, motero zili pafupi ndi seŵero la pa wailesi kusiyana ndi buku loŵerenga munthu ali chete. Plato adachiona chimenechi ndipo sadakondwe nacho, popeza ankaopa kuti wotengera mawu a munthu woipa amatengeranso mtima wake. M'buku lachitatu la Republic adafika potenga chiyambi cha Iliad ndi kuchisimbanso popanda mawu a eni ake, pofuna kusonyeza kusiyana kwake. Wophunzira wake Aristotle adamyamikira Homer pa chifukwa chomwecho, kuti amadziŵa kuchoka panjira ndi kusiya anthu ake alankhule okha. Apa Aristotle ndiye adalondola, ndipo wokonza maseŵero aliyense angamvomereze.

Ntchito yoŵerenga mawu a m'ndakatulozi idayamba kompyuta isanabwere. M'chaka cha 1875 Guy Lushington Prendergast adasindikiza buku londandalika mawu a mu Iliad pamodzi ndi mizere imene akupezekamo, ndipo Henry Dunbar adachita chimodzimodzi ndi Odyssey mu 1880. Idali ntchito ya manja, yodya zaka ndi maso omwe. Mu 1972 Gilbert Highet adatulutsa buku lofotokoza zolankhula zonse za mu Aeneid. Njira ya makina adaitsegula ndi wansembe wa ku Italy, Roberto Busa, amene mu 1949 adapempha kampani ya IBM kuti imthandize kundandalika mawu onse a m'mabuku a Thomas Aquinas. Mu 1972 yunivesite ya California ku Irvine idayamba kuika mabuku a Chigiriki chakale m'kompyuta pansi pa dzina la Thesaurus Linguae Graecae. Nkhokwe ina yotchedwa Perseus, yotsogoleredwa ndi Gregory Crane, idafika pa intaneti mu 1995, ndipo chifukwa cha iyo wophunzira wa ku Zingwangwa wokhala ndi foni yam'manja angathe kutsegula Homer m'Chigiriki mwaulere ndi kufunsa tanthauzo la liwu lililonse.

Kukhala ndi mawu onse m'makina ndi chiyambi chabe. Pamafunikanso kudziŵa chofunsa. Mu 1986 Jasper Griffin wa ku Oxford adasonyeza kuti mwa Homer muli ngati zilankhulo ziŵiri. Mawu oŵeruza, otcha chinthu choipa, chamanyazi kapena chankhanza, amapezeka kaŵirikaŵiri m'kamwa mwa ampangankhani, pamene wosimba nkhani amawapeŵa. Iye amangonena pamene mkondo udaloŵa ndi mmene munthu adagwera. Griffin adasonyezanso kuti Achilles ali ndi mawu akeake amene anzake sawatchula. Chaka chotsatira John Burrows wa ku Australia adaŵerenga ndi kompyuta zolankhula za anthu a m'mabuku a Jane Austen, napeza kuti chimene chimawasiyanitsa bwino ndi timawu ting'onoting'ono tobwera kaŵirikaŵiri, tofanana ndi "ine", "ife", "koma" ndi "ayi". Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu angasankhe dala mawu akuluakulu kuti aoneke wophunzira, koma sangasunge m'mutu kuti wanena "ine" kangati kuyambira m'maŵa.

Ntchito imene yasonkhanitsa njira zoterezi pa ndakatulo za ngwazi imatchedwa DICES. Adaiyambitsa ndi akatswiri atatu, Christopher Forstall, Simone Finkmann ndi Berenice Verhelst, a m'mayunivesite a ku Canada ndi ku Ulaya. Kaundula wawo ali ngati buku la kalaliki wa bwalo la milandu. Pa cholankhula chilichonse, kuyambira kwa Homer kufikira kwa Nonnus, amalemba amene walankhula ndi amene wauzidwa, mzere woyambira ndi wothera, ngati wolankhulayo ndi mwamuna kapena mkazi, mulungu kapena munthu, mmodzi kapena gulu, ndiponso ngati akuyankhana ndi mnzake kapena akungolankhula yekha. Mu Iliad mokha muli zolankhula pafupifupi 700, ndipo ndakatulo zonse pamodzi zimapereka zikwi zingapo. Kaundulayo adalumikizidwa ndi nkhokwe za mabuku, kotero kuti wofufuza angalamule kompyuta kuti imtolere mawu onse amene mkazi adalankhula kwa mwamuna wake, kapena amene mulungu adalankhula kwa munthu, ndipo m'kanthaŵi kochepa ali nawo patebulo. Kale funso lotere likadamtengera miyezi.

Komatu kudzaza kaundula wotere sikophweka monga kungamvekere. Alembi akale sankaika mitengero yosonyeza pamene mawu a munthu ayambira ndi pamene athera. Kwa Homer zimenezi sizivuta kwambiri, pakuti iye amayamba cholankhula pachiyambi pa mzere ndi kuchithera kumapeto kwa mzere, ndipo amakhala ndi kanenedwe kozoloŵereka kochenjeza kuti wakuti ayankha tsopano. Virgil alibe mwambo umenewo. Munthu wake angayambe kulankhula pakati pa mzere ndi kulekeza pakati pa wina, motero woŵerenga mizere ndi woŵerenga mawu amapeza ziŵerengero zosiyana. Vuto lalikulupo ndi la nkhani ya m'kati mwa nkhani. Kuyambira buku la 9 kufikira la 12 la Odyssey, wosimba ndi Odysseus mwini, ali paphwando kwa anthu amene adamlandira. M'kati mwa nkhani yakeyo chimphona Polyphemus chimalankhula, mfiti yaikazi Circe imalankhula, mizimu ya akufa imalankhula. Nanga mawu a Circe ndi a yani, a Circe kapena a Odysseus amene akumtengera? Aeneas nayenso amasimba mabuku aŵiri athunthu pamaso pa mfumukazi Dido. Wofufuza akaŵerengera zonsezo kwa Aeneas, amaoneka ngati munthu wolongolola. Akazichotsa, amatsala munthu wa mawu ochepa zedi, amene mu Aeneid yonse amalankhula ndi mwana wake kamodzi kokha.

Palinso odzibisa. Mulungu wamkazi Athena amabwera kwa Telemachus m'maonekedwe a mwamuna wachikulire Mentor, ndipo Odysseus amafika kwawo ngati mkulu wopemphapempha, nanama kuti ndi wa ku Crete. A DICES adaona kuti n'kofunika kulemba zonse ziŵiri, mwini wake weniweni ndi nkhope imene wavala nthaŵi imeneyo. Pamenepo pamabadwa funso lokoma: kodi Athena akadzibisa amasinthanso kalankhulidwe, kapena timawu take ting'onoting'ono timamuulula?

Ziŵerengero zasonyeza kale zinthu zina zimene diso la woŵerenga buku limodzi silingaone. Apollonius, amene adalemba Argonautica m'zaka za m'ma 200 Yesu asanabadwe, adapatsa anthu ake mizere yosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu. Kwa Nonnus zolankhula ndi zoŵerengeka poyerekeza ndi kukula kwa ndakatulo yake, pafupifupi 300, koma ndi zazitali, ndipo zambiri sizilandira yankho. Kukambirana kuja kumene kumampatsa moyo Homer kudazilala, ndipo m'malo mwake mudaloŵa anthu oima n'kumalalikira. Pa za akazi, kaundula amanena mosabisa. Mkangano wonse wa mu Iliad udabuka chifukwa cha atsikana aŵiri ogwidwa kunkhondo. Mmodzi, Chryseis, satulutsa liwu n'limodzi lomwe, ndipo winayo, Briseis, amalankhula kamodzi, mizere 14, polira maliro a Patroclus. Mu Aeneid, Lavinia, amene amuna akuphana chifukwa cha ukwati wake, sapatsidwa mpata wolankhula. Komabe zolankhula zazikulu zotsiriza za mu Iliad ndi za akazi atatu, Andromache, Hecuba ndi Helen, olira mtembo wa Hector, ndipo amene adakhalapo m'nyumba ya siŵa ku Machinjiri kapena kumudzi sangadabwe kuti mlakatuli adawasiyira iwo malo amenewo.

Buku la 9 la Iliad limasonyeza bwino pamene makina amathandiza ndi pamene amalekeza. Agamemnon, mtsogoleri wa Agiriki, adalanda Briseis kwa Achilles, ndipo Achilles adakana kumenya nkhondo. Zinthu zitathina, Agamemnon adatuma amuna atatu kukapepesa, nalonjeza golide, akavalo 12, mizinda 7 ndi mwana wake wamkazi. Odysseus adalankhula mizere 82, Achilles nayankha ndi mizere 122 ya moto, kuti maŵa lomwe akwera chombo kubwerera kwawo. Phoenix, nkhalamba imene idamlera, idalankhula mizere 172, cholankhula chachitali koposa mu Iliad, ndipo Achilles adafeŵa pang'ono, nati aganiza kukacha. Ajax, msilikali wosadziŵa kukometsa mawu, adalankhula mizere 19 yokha, mwina mokwiya, ndipo ndi iye amene adamsuntha koposa, pakuti Achilles sadatchulenso zopita kwawo. Adangoti adzamenya nkhondo adani akadzafika pa zombo zake.

Kompyuta yofufuza mizere yobwerezedwa imapeza msanga kuti Odysseus adabwereza mndandanda wa mphatso za Agamemnon pafupifupi liwu ndi liwu, mizere yoposa 30. Imasonyezanso pamene kufananako kwadukira. Agamemnon adatsiriza uthenga wake ndi mawu ofuna kuti Achilles amgonjere popeza iye ndi mfumu yaikulu ndiponso wamkulu pakubadwa. Odysseus mawu amenewo adawameza. Makina amaloza malowo n'kuima. Amene angafotokoze chifukwa chake ndi munthu amene adaonapo nkhoswe ikupita kuchimuna kapena kuchikazi ndi uthenga woŵaŵa, niisankha zoti inene ndi zoti isiye panjira kuti banja lisathe. M'Chicheŵa liwu lakuti "kuŵerenga" limanena zinthu ziŵiri, kuŵerenga mbuzi ndi kuŵerenga kalata, ndipo kompyuta imachita bwino koyambako.

Ngakhale kuŵerenga mbuziko kuli ndi misampha. Chigiriki ndi Chilatini zimasintha maonekedwe a liwu malinga ndi ntchito yake m'chiganizo, kotero kuti mneni mmodzi angaoneke m'njira mazanamazana. Wolankhula Chicheŵa sangavutike kumva zimenezi: "ndidzakuuzani", "adatiuza" ndi "musawauze" onse ndi ana a tsinde limodzi, koma makina osaphunzitsidwa amawaona ngati alendo atatu osadziŵana. Pamafunika pologalamu yobwezera liwu lililonse ku tsinde lake, ndipo pologalamuyo imaphonya, makamaka pa Chigiriki cha Homer chimene ndi chosakanizika ndi malankhulidwe a madera angapo. Msampha wina ndi wa kayendedwe ka mzere. Mzere uliwonse wa ndakatulozi uli ndi mapazi asanu ndi limodzi a maphatikizo aatali ndi aafupi, ndipo Milman Parry adasonyeza mu 1928 kuti mawu ambiri otamanda ngwazi amasankhidwa chifukwa akukwana pa malo otsala mumzere. Pofuna umboni, Parry, ndipo pambuyo pake pamodzi ndi wophunzira wake Albert Lord, adayenda m'dziko limene linkatchedwa Yugoslavia pakati pa 1933 ndi 1935, kujambula pa mbale za aluminiyamu oimba osadziŵa kulemba. Mmodzi wa iwo, Avdo Međedović, adapereka nyimbo ya mizere yoposa 12,000. Tsono wofufuza akapeza kuti ngwazi ina imakonda liwu lakuti, ayenera kufunsa ngati ndi khalidwe la ngwaziyo kapena ndi mzere umene udalifuna. Ayeneranso kukumbukira kuti munthu wopemphera, wolira ndi wotukwana amalankhula mosiyana ngakhale ali mmodzimodzi, ndiponso kuti mizere 14 ya Briseis ndi yochepa kwambiri kuti munthu amangepo chiŵerengero chodalirika.

Ndipo pali chimene kaundula wa zolankhula alibe malo ochilemba. Odysseus atakumana ndi mzimu wa Ajax kudziko la akufa, adaulankhula mofatsa kuti aiŵale mkangano wawo wakale. Mzimuwo udangotembenuka n'kupita. Virgil adatengera chithunzi chimenechi m'buku la 6 la Aeneid, pamene Aeneas adzichonderera kwa Dido amene adadzipha iye atamthaŵa, ndipo Dido, amene m'buku la 4 adalankhula kwambiri, sayankha kanthu. M'kaundula malo aŵiriŵa amangooneka ngati cholankhula chopanda yankho, chimodzimodzi ndi mazana ena.

Nkhani imeneyi si yachilendo ku Malaŵi monga ena angaganizire. Chilatini chidaphunzitsidwa zaka zambiri m'maseminale a mpingo wa Katolika. Kamuzu Academy itatsegulidwa ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, mu 1981, Chilatini ndi Chigiriki zidaikidwa pakati pa maphunziro ake. Ku Chancellor College ku Zomba, nthambi ya maphunziro ameneŵa idakhazikitsidwa m'zaka zomwezo, ndipo Caroline Alexander, amene adagwira ntchito imeneyo kuyambira 1982 kufikira 1985, ndiye adadzatulutsa Iliad yonse m'Chingerezi mu 2015. Anthu adatsutsana kwambiri ngati dziko losauka liyenera kutaya ndalama pa zilankhulo zakufa, ndipo mtsutsowo uli ndi mbali zake ziŵiri. Chimene chingatengedwe popanda mkangano ndi njira yofufuzira, pakuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Zoti njirayo igwirepo ntchito zilipo zambiri. Pali mabuku monga Nthondo la Samuel Josia Ntara, la mu 1933, ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Pali nthano zimene Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe adasonkhanitsa m'buku la Land of Fire mu 1985, ndi zimene a National Library Service adayamba kujambula m'maboma osiyanasiyana mu 2012. Pali maseŵero a pa wailesi a zaka zonse kuyambira pamene MBC idakhazikitsidwa mu 1964. Palibe chimene chingaletse ophunzira a Chicheŵa kupanga kaundula wonga wa DICES ndi kufunsa kuti m'maseŵero ameneŵa akazi amalandira mizere ingati mwa 100, kuti ndani amafunsa mafunso ndipo ndani amalamula, kapena kuti Kalulu amalankhula motani kwa Njovu ndi motani kwa Fisi. Anthu a Homer amaitanana ndi dzina la bambo, mwana wa Atreus, mwana wa Peleus, ndipo kulitchula kapena kulisiya kuli ndi tanthauzo. Mcheŵa woitana mnzake ndi mfunda, a Phiri kapena a Nabanda, akuchita chofananacho.

Kunena zoona, Chicheŵa chili ndi chuma chimene Chigiriki cha Homer chilibe. Achilles adali ndi liwu limodzi lonenera munthu mmodzi amene ali patsogolo pake, kaya ndi mfumu kaya ndi kapolo. M'Chicheŵa muli "iwe" ndi "inu", muli "bwera" ndi "bwerani", ndipo tsiku limene mkazi wa m'seŵero waleka kunena "inu" kwa mwamuna wake nayamba "iwe", omvera onse amadziŵa kuti zinthu zafika poipa. Kusintha kotere kompyuta ingakulondole kuyambira gawo loyamba la seŵero kufikira lomaliza. Ingaŵerengenso amene amati "adapita" ndi amene amati "anapita", amene amati "achimwene" ndi amene amati "akulu", ndi mawu a Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chingerezi amene amasakanizika m'kalankhulidwe ka pamsika wa Ndirande, nisonyeza ngati olemba maseŵero amapatsa anthu a m'tauni ndi a kumudzi malilime osiyana, ndiponso amene amamsankha kuti akhale wosekedwa.

Zipangizo zoyambira zilipo pang'ono. Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene idaloŵa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ndipo Google idaika Chicheŵa m'makina ake omasulira mu 2014. Koma ntchito yoyamba ndi ya khutu ndi dzanja, ndipo siyembekeza, chifukwa tepi ya maginito imaonongeka ndi chinyezi ndi kutentha, ndipo makina oiseŵerera akusoŵa chaka ndi chaka. Wina ayenera kukhala pansi, kumvetsera, kulemba, ndi kuika dzina la wolankhula ndi la wouzidwa pa mzere uliwonse. Iyeyu adzakumana ndi vuto limene a DICES sadakumane nalo. Mwana wa m'seŵero akathamangira m'nyumba n'kunena kuti "Abwera!", kompyuta siingadziŵe ngati pabwera gulu la alendo kapena abambo okha, popeza m'Chicheŵa ulemu ndi unyinji zimavala chovala chimodzi. Wolembayo adzayenera kumvetsera mzere wotsatira, amve ngati mayi atulutsa mphasa kapena mpando umodzi, ndipo pokhapo adzalembe m'kaundula.